Za mafunde, kwa anzanga akumtunda amene mwayamba kupalasa kayaki

Masiku ano anyamata ndi atsikana akwathu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu sakuthera ku Joni kokha ayi, ena akumatulukira pa boda ya Dedza kapena pa Biriwiri nkukapezeka ku Vilankulo, ku Tofo, ena mpaka Durban ndi Cape Town, ndipo ambiri ntchito imene akumaipeza ndi ya m'maloji a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumeneko abwana akangomva kuti ndiwe wa ku Malawi amangoti ameneyu madzi amawadziwa, basi mawa lake akupatsa nkhafi ndi alendo awiri kuti ukawayendetse pa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi. Ntchito ukuifuna, kukana kumavuta. Chonsecho ambirife tinakulira ku Bembeke, ku Lizulu, ku Tsangano, komwe madzi aakulu amene tinawaonapo ndi a m'dambo nthawi ya dzinja. Mwana wa achemwali anga ndi mmodzi mwa amenewa, nde zimene ndakhala ndikumuuza pa WhatsApp ndaona kuti bola ndizilembe pano kuti ena aonenso.

Ine kupalasa ndinaphunzira kwa amalume ku Mtakataka pa bwato la mtengo, kenako ndinagwirako ntchito yoperekeza alendo pa kayaki ku Cape Maclear, nkudzakhalakonso kanthawi ku gombe la Inhambane. Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi, msinkhu wa funde pawokha sungakuuzeni ngati kuli bwino kulowa m'madzi kapena ayi. Zimene zingakuuzeni ndi nthawi imene ikudutsa pakati pa funde ndi linzake, komanso kumene mphepo ikulowera. Zonse ziwirizi umaziona miyendo ili pamchenga, usanakhudze nkomwe kayaki.

Tiyambe ndi nyanja yathu chifukwa ndi imene ambiri tingaifikire, ukangotsika Khwekhwerere kufika pa Golomoti wayandikira kale. Funde limapangidwa ndi mphepo, ndipo kukula kwake kumatengera mphamvu ya mphepoyo, nthawi imene yakhala ikuomba, ndi mtunda umene yayenda pamwamba pa madzi popanda chotchinga. Mtundawu ndi umene anthu amauiwala. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchoka kummwera kukafika kumpoto koma m'lifupi sipitirira makilomita 80, nde mwera ukayamba cha mu May mpaka August umayenda motsata utali wonse wa nyanja, ukamafika ku Nkhata Bay ndi kupitirira apo mafunde amakhala atakhwima zoopsa. Sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 anathera pomwepo, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo yatsopano, osati bwato. Kwathu kuno kumbali ya Mtakataka mwera umafika utadutsa mtunda waufupi chifukwa cha mapiri a kwa Nankumba, mafunde ake ndi aafupiafupi othithikana, amagubuduzabe bwato koma si ofanana ndi akumpoto. Ife chimene amalume ankachiopa kwambiri ndi mpoto wa nthawi ya mvula, poti umenewo ndi umene umabwera utayenda ulendo wautali nkudzatikhuthulira zonse kumathero kuno.

Koma mafunde onse a pa nyanja yathu ali ndi khalidwe limodzi labwino, amayendera limodzi ndi mphepo imene yawabala. Mphepo ikaleka iwonso sachedwa kugona. Ukaona mitengo ili zii m'mawa, kawirikawiri madzinso amakhala ali zii. Maso amenewa ndi amene timapita nawo ku nyanja yamchere, ndipo kumeneko amatinamiza.

Ku Indian Ocean ukhoza kudzuka kulibe mphepo olo pang'ono, kumwamba kulibe kamtambo, koma pagombe mafunde akuswa ngati kunja kwaipa. Amenewo amawatcha swell. Anabadwira kutali kwambiri, mwina ku namondwe wa kummwera kwa South Africa makilomita masauzande angapo, ayenda masiku, timafunde tonse tating'ono tathera m'njira, atsala akuluakulu okhaokha oyenda mwadongosolo. Nthawi ina amachokera ku ma cyclone a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kuyambira November mpaka April. Freddy uja anatipweteka mu March 2023 anali atayamba wagunda kufupi ndi Vilankulo mu February, Idai anagunda Beira mu March 2019, ndipo namondwe wamtundu umenewu mafunde ake amatsogola kufika pagombe mwiniwake akadali kutali, kunja kukuwala bwinobwino.

Apa nde pamene kuwerenga masekondi kumabwera. Ima pagombe, sankha mwala kapena boti limene laima, funde likadutsa pamenepo yamba kuwerenga mpaka linzake lidutse, ubwereze kangapo. Mafunde a mphepo ngati a kwathu amakupatsa masekondi 3, 4, mwina 6. Swell imakupatsa 10, 12, 15, nthawi zina kuposa apo. Munthu wosadziwa amaganiza kuti kutalikirana kumeneko nde zabwino poti mpata ulipo, ndipo pakatikati pa nyanja zoona zimakhala bwino, kayaki imangokwera pang'onopang'ono nkutsika osamva kanthu. Vuto lili pomwe funde lakumana ndi pansi. Pamadzi akuya funde la masekondi 5 limakhala lotalika mamita pafupifupi 40 kuchoka pansonga pake kufika pansonga ya linzake, la masekondi 10 ndi mamita 156, la masekondi 15 ndi mamita 350. Taonani mmene ikudumphira nambalayo, nthawi yangowirikiza katatu koma utali wawirikiza ka 9. Madzi onsewo akuyenda. Zili ngati njinga ya kabaza ndi lole yodzaza mbatatesi zikutsika Khwekhwerere, ukaziona patali zonse zikungotsetsereka bwinobwino, koma poima mpamene umadziwa kuti inayo yasenza zingati. Funde la mita imodzi la masekondi 15 likafika pamadzi osaya limachepetsa liwiro, madzi akumbuyo amaunjikana, limadzuka kuposa mmene linalili nkugwa ndi mphamvu imene la mita imodzi la pa Senga Bay silingayandikire nkomwe.

Funde limasweka likafika pomwe kuya kwa madzi kwatsala pang'ono kulingana ndi msinkhu wake, la mita imodzi limaswekera pamadzi akuya pafupifupi mita 1.3. Izi zikutanthauza kuti mwala wobisika pansi kapena chulu cha mchenga chili pakati pa madzi chikhoza kukhala chete mafunde ang'onoang'ono akudutsa pamwamba pake osasweka, kenako kubwera lalikulu limodzi nkuphulika pomwepo pamene iwe umati mpabwino. Ndinaonapo bambo wina ndi mwana wake akutembenuzidwa chonchi, pamalo pomwe anzawo anali atangodutsa popanda vuto, mwayi onse anali atavala life jacket, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, ndipo boti linali pafupi. Nchifukwa chake ukamapalasa m'mbali mwa gombe maso azikhala kutsogolo patali, paliponse pomwe waona thovu loyera likuyandama palokha kapena madzi akutukumuka nkuphwa, zungulira patali olo panopa pakuoneka bata.

Komanso mafunde sabwera ofanana, amabwera m'magulu. Pamadutsa aang'ono angapo, kenako gulu la akuluakulu, kenako kumakhala ngati kwatha. Anthu ena amati lachisanu ndi chiwiri nde lalikulu, zimenezo musadalire, nambala yake imasinthasintha tsiku ndi tsiku. Chofunika nkukhala pansi mphindi 15 kapena 20 ukungoyang'ana, mpaka uone gulu lalikulu ladutsa kawiri katatu, udziwe kuti likuswekera pati ndipo bata likukhala nthawi yaitali bwanji. Alendo amatopa nazo zimenezi, amafuna kulowa msanga ajambule zithunzi, koma ine ndinkawakhazika pansi nkumawerenga nawo limodzi, ambiri ankayamba kuzikonda.

Pafoni pali ma app ngati Windy amene amaonetsa zonsezi, msinkhu wa swell, masekondi ake, kumene ikuchokera, ndi mphepo ola ndi ola. Muziwagwiritsa ntchito, bandulo yake si yambiri. Koma dziwani kuti nambala ya msinkhu imene amalemba ija si ya funde lalikulu kwambiri ayi, amatenga mafunde akuluakulu okhaokha, gawo limodzi mwa magawo atatu a mafunde onse, nkupeza pakatikati pake, nde akalemba mita 1 yembekezera kuti mwa apo ndi apo libwera loyandikira mamita 2. Ndipo funde likawirikiza kawiri msinkhu mphamvu yake imawirikiza kanayi. Kwathu kuno a zanyengo amachenjeza za mwera pa wailesi ndi pa Facebook, asodzi ena amamvera ena samvera chifukwa pakhomo palibe ndiwo, zimenezo ndimazimvetsa, koma wa kayaki amene akungokasangalatsa alendo alibe chifukwa cholowera tsiku limene achenjeza.

Chinthu china chimene nyanja yathu ilibe ndi kukwera ndi kutsika kwa madzi tsiku lililonse, tide. Ya kwathu imakwera ndi mvula nkumatsika pang'onopang'ono chilimwe chonse, pomwe yamchere imadzaza kawiri nkuphwa kawiri pa tsiku, maola 6 ndi mphindi zochepa kudzaza, ena 6 kuphwa, ndipo mawa lake zonse zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Umakoka madziwo ndi mwezi. Asodzi a usipa kwathu amayang'ana mwezi kale chifukwa cha nyali zawo, nde chizolowezi chimenecho pitani nacho, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima weniweni madzi amakwera kwambiri nkutsikanso kwambiri. Ku Durban kusiyana kwake ndi mamita ngati 2, ku Beira kumapitirira mamita 6. Ku Vilankulo madzi akaphwa amathawa mtunda wautali maboti nkutsala atakhala pamchenga, ndipo madzi onsewo potuluka amadutsa m'mipata ya pakati pa zilumba za Bazaruto akuthamanga ngati mtsinje. Amathamanga kwambiri pa ola lachitatu ndi lachinayi kuchokera pamene ayamba kuphwa. Tsono madzi akamatuluka chonchi nkukumana ndi swell kapena mphepo yochokera kutsogolo kwake, mafunde amafupika nkuima njoo, ndipo malo amene m'mawa munadutsa mukucheza masana sadutsika. Kumatsiriro a mitsinje nkomwe zimenezi zimaipa kwambiri. Kwathu kumatsiriro timaopako ng'ona ndi mvuu, uko muwonjezerepo zimenezi.

Pagombe pomwe mafunde akuswa palinso njira zimene madzi amabwererera mkati, amati rip. Madzi onse amene mafunde akutaya kumtunda amayenera kubwerera, nde amakumba kanjira pakati pa milu ya mchenga nkumathamangira m'menemo, nthawi zina kupitirira mamita 2 pa sekondi, liwiro loti olo katswiri wosambira sangalimbane nalo. Choipa chake pamaoneka pabwino kuposa pena paliponse, mafunde saswekapo, madzi ake ndi oderapo, ukayang'anitsitsa umaona thovu ndi zinyalala zikulowera mkati. Odziwa amadutsa dala pomwepo ndi kayaki potuluka chifukwa pamawanyamula, koma ukagwa m'madzi pamenepo usalimbane nawo kuti ubwerere kumtunda molunjika, utopa nkumira. Yandama, kweza dzanja, sambira chammbali motsata gombe mpaka utuluke mu kanjirako, si kotakata kwenikweni.

Tsopano mphepo, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa chifukwa ndi pamene ndimada napo nkhawa kwambiri ndikaganiza za mwana wa achemwali anga. Mphepo yochokera kunyanja kubwera kumtunda imaoneka yoopsa, imabwera ndi mafunde ndi phokoso, aliyense amaiona nkuchita mantha, koma ikakugonjetsa imakakutaya kumtunda. Yoopsa zenizeni ndi yochokera kumtunda kulowera kunyanja. Imeneyo pagombe madzi amakhala osalala ngati palibe chikuchitika, chifukwa mitengo, nyumba ndi mapiri zakutchingira ndipo mphepoyo sinayende mtunda woti nkupanga funde. Umalowa mosangalala, kayaki ikuthamanga yokha poti mphepo ikukankha kumsana, ukamati nditembenuke uli kale pamtunda wa kilomita, mphepo yakula, mafunde ayamba, ndipo pobwerera ukupalasa molimbana nayo. Kayaki ya pulasitiki ya m'maloji munthu wamba amaiyendetsa makilomita 4 kapena 5 pa ola kukakhala bata. Mphepo ikafika ma knot 15, amene ndi makilomita ngati 28 pa ola, mlendo amene wagwira nkhafi koyamba lero amangopalasa pamalo amodzi, akapuma pang'ono kuti apukute nkhope wabwerera m'mbuyo. Ku Chembe, ku Cape Maclear kuja, nthawi ya mwera zimachitika zimenezi, gombe lili phee koma ukangopitirira chilumba cha Thumbi nkhani yasintha, bola kumeneko kuli zilumba ndi asodzi ambiri oti nkukutola. Ku Mozambique ukatengedwa kutsogolo kwako kuli Madagascar, ndipo olo pomwe payandikana kwambiri ndi makilomita oposa 400. Ku Cape Town mphepo ya kummwera chakum'mawa ya nthawi yotentha imachita zomwezi m'magombe ena, kuwonjezera apo madzi a mbali ya Atlantic ndi ozizira madigiri 10 mpaka 14, tisanamizane kuti ife a ku Dedza tinazolowera chisanu, kuzizira kwa m'madzi kumalanda mphamvu m'manja mphindi zochepa chabe.

Nde usanalowe tembenukira kunyanja umve, ngati mphepo ikukuomba kumsana yang'ana patali, ukaona timitu toyera tikuphulika uko pomwe pafupi pali bata, tsiku limenelo ndi loyenda m'mbalimbali mwa gombe basi kapena osalowa nkomwe. Ndipo ulendo uliwonse uziyamba molimbana ndi mphepo mphamvu zikadalipo kuti pobwerera izikukankha. M'malo ambiri m'mawa ndi momwe mumakhala bata, dzuwa likatentha mtunda mphepo imadzuka masana.

Ndikudziwa kuti kuuza abwana kuti lero sitilowa nkovuta, makamaka uli m'dziko la eni, mwina mapepala ako sali bwino, alendo alipira kale. Ine ndinagwirapo pamalo ena pomwe ankatikakamiza kutuluka ndi alendo tsiku loti asodzi enieni akokera maboti awo kumtunda. Chimene chinkandithandiza nkusalankhula za mantha koma za manambala, kuwaonetsa foni kuti taonani swell ndi mamita 2 masekondi 14, madzi ayamba kuphwa 10 koloko, tiyeni tisinthe tipite mawa 6 koloko m'mawa. Bwana wanzeru amamva chifukwa mlendo akamira loji yake yatha. Komanso muzicheza ndi asodzi a pamalopo olo chilankhulo chikuvuta, amadziwa mwala uliwonse, ndipo ukaona iwo sakulowa iwe usalowe.

Pafupi ndi matanthwe kapena khoma la doko funde limagunda nkubwerera, likakumana ndi linzake lobwera madzi amangodumphadumpha mosadziwika mbali. Patalikireni, mamita 100 kapena 200 mkati kumakhala kwabwino kale.

Za zovala sindichulukitsa. Life jacket yomanga bwino, osati yokhalira. Foni m'kathumba kosalowa madzi, yomangirira pathupi pako osati pa kayaki, wezulo, madzi akumwa, chipewa, ndipo wina kumtunda adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Ukagubuduzika uli mkati usaisiye kayaki kuti usambire kupita kumtunda, imayandama ndipo okufunafuna amaiona patali kusiyana ndi mutu wa munthu, komanso mphepo imaithamangitsa kuposa mmene ungasambirire nde ukangogwa chinthu choyamba nkuigwira. Kukweranso uli m'madzi akuya muziyeserera pamalo abata mpaka thupi lizolowere.

Potuluka pagombe la mafunde dikira gulu lalikulu lidutse, kenako palasa mwamphamvu mutu wa kayaki utalunjika funde, likamakugunda weramira kutsogolo nkhafi ili m'madzi, osaikweza m'mwamba chifukwa ikumenya kumaso. Funde likakupeza chammbali pendekera kwa ilo, nkhafi uitsamiritse pathovu lakelo, thupi limafuna kuthawira mbali inayo koma ukatero nde wagubuduzika. Kubwerera kumtunda nkovuta kuposa kutuluka poti mafunde ali kumsana sukuwaona, komanso ukakhala mkati amaoneka aang'ono chifukwa ukuona misana yawo. Ima kunja kwa pomwe akuswekera, yang'ana m'mbuyo, lisiye lalikulu lidutse pansi pako, kenako thamangira kumbuyo kwake osalipitirira. Gombe lotsetsereka pang'onopang'ono mafunde ake amasweka mofatsa kuyambira patali, limenelo ndi labwino. Gombe lophedi funde limadzuka nkugwa kamodzi pamchenga penipeni, limenelo limathyola mapewa ndi makosi, bola kupalasa kilomita ina kukafuna pena. Ngati nkhafi unaimangirira ndi chingwe imasule usanalowe m'mafunde osweka kuti chingakukole. Ukangofika tsika msanga, ndipo uime mbali ya kunyanja, osaima pakati pa kayaki ndi mtunda chifukwa funde lotsatira liinyamula nkukuphwanya nayo miyendo. Ukakhala ndi alendo uwauziretu muli kunja kuti adikire pamodzi, iwe uyambe kufika, uime poti akuone, nkhafi ukaiimika m'mwamba ndiye kuti mmodzi abwere, ukaigoneka chopingasa aime pomwe alipo, mmodzimmodzi mpaka onse atuluke.